Nkhungu ya ku Chikangawa ndi Malamulo a Mlengalenga: Mfundo Zofunika Kuzisinkhasinkha

Aliyense amene anadutsapo msewu wa M1 m'nyengo yozizira, kuchoka pa mphambano ya ku Mzimba kulowera ku Mzuzu, amaidziwa nkhungu ya ku Chikangawa. Imatsika osaodira, n'kumeza mapaini, mapiri ndi msewu womwe, mpaka dalaivala amayatsa nyali masanasana, okwera onse ali zii. Pa 10 June 2024, tsiku la nyengo yotereyi, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Munali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Chifukwa cha nyengoyo ndege sinatere ku Mzuzu, ndipo pobwerera inasowa. Inapezeka mawa lake m'mapiri a Nthungwa, m'nkhalango ya Chikangawa, popanda wopulumuka.

Usiku umenewo ambiri sitinagone. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza mtundu kuti walankhula ndi mayiko a America, Britain, Norway ndi Israel kupempha thandizo. Ndipo m'makomo, m'magolosale ndi pa mafoni funso linali limodzi: nanga masetilaiti aja amati amaona ngakhale singano ali kuti?

Funsoli lili ndi yankho, koma njira yake imadzera m'mapangano amene mayiko anasainirana okhudza mlengalenga, nkhani imene ambiri timaiyesa ya azungu okhaokha. Polilondola ndatolamo mfundo izi.

1. Osamwerana madzi akhoza kugwirizana pa moyo wa munthu

Khutu lomvera ndege zogwa ndi sitima zomira lilipodi kumwambako. Dzina lake ndi Cospas-Sarsat. Analiyambitsa mu 1979 ndi mayiko anayi: Canada, France, America ndi Soviet Union. Taganizirani chakacho. America ndi Soviet Union anali atalozerana mizinga ya nyukiliya, aliyense chala chili pa batani. Komabe anavomerezana kuti masetilaiti awo azimvetsera limodzi kachipangizo kamene ndege ndi sitima zimanyamula, kamene kamayamba kuitana kokha ngozi ikachitika. Mu September 1982 ndege yaing'ono inagwa m'mapiri a British Columbia ku Canada. Setilaiti imene inamva kuitanako inali ya Soviet Union, ndipo anthu atatu anapulumutsidwa. Pangano lokhazikika linasainidwa ku Paris mu 1988. Mpaka lero woitana safunsidwa kuti ndi wa dziko liti, ndipo salipira kalikonse.

GPS imene ili m'mafoni mwathu nayonso ili ndi maliro kumbuyo kwake. Mu September 1983 ndege ya Korean Air Lines inasochera n'kulowa m'dera la Soviet Union, anaiwombera, anthu 269 anafa. Zitatero mtsogoleri wa America, Ronald Reagan, analengeza kuti GPS, imene inapangidwira asilikali a America, idzatsegulidwa kwa anthu wamba a dziko lonse. Zaka 41 pambuyo pake, akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany amene anafufuza ngozi ya ku Nthungwa anadziwa mmene ndege ija inayendera kuchokera m'kachipangizo ka GPS kamene oyendetsa anali nako, pakuti munalibe kabokosi kojambula mawu ndi kayendedwe.

Kumudzi izi si zachilendo. Anthu olimbirana malire a munda, osapalana moto chaka chathunthu, amakumana ndi makasu kumanda. Mkangano sutha, koma pali zinthu zimene umaziyambira kumbali.

2. Cha tonse si chopanda mwini

Setilaiti yoyamba, Sputnik, inaulutsidwa pa 4 October 1957. Pasanathe zaka khumi, pa 27 January 1967, mayiko anayamba kusaina pangano lalikulu la mlengalenga ku London, Moscow ndi Washington, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 10 October chaka chomwecho. Mutu wake ndi wosavuta kumva. Palibe dziko limene linganene kuti mwezi, kapena gawo lililonse la mlengalenga, ndi lake, kaya pozika mbendera kaya pokhalapo. Aliyense ali ndi ufulu wopitako, ndipo zochitika kumeneko ziyenera kupindulira mayiko onse, olemera ndi osauka omwe. Ife a ku Africa tikamva zimenezi timakumbukira Berlin, 1884 mpaka 1885, kumene anthu anagawana nthaka yathu pa tebulo eni ake kulibe. Panganoli likukana kuti za ku Berlin zibwerezedwe kumwamba.

Koma munthu wa ku Chikangawa amadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Nkhalango ya Viphya, yomweyi ya ku Chikangawa, inayamba kudzalidwa mwamphamvu m'zaka za m'ma 1960, n'kufika mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zazikulu kwambiri zodzalidwa ndi manja mu Africa. Cholinga chinali fakitale ya zopangira mapepala, imene sinamangidwe. Mitengo inakula n'kumadikira. Mu 1999 kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000, ndipo gawo lalikulu lotsalalo linakhala la boma. Mawu akuti "za boma izi" timadziwa mmene amamvekera kwathu kuno. Anabwera ocheka matabwa ndi makina awo, malole anatuluka usiku ndi usana, moto wa chaka ndi chaka unanyambita zotsala. Odula anali ambiri, odzala ochepa. Mapiri ena amene ana a m'ma 1980 anawaona ali bii ndi mapaini lero ndi zitsa ndi udzu.

Kumwamba nakonso kwadzala zitsa za mtundu wina. Mu January 2007 China inaphulitsa setilaiti yake yakale poyesa mzinga, n'kusiya zidutswa zoposa 3,000 zikuzungulira dziko. Pa 10 February 2009 setilaiti ya kampani ya Iridium inagundana ndi ya Russia imene inali itafa kale. Mu November 2021 Russia inaphulitsa yake, mpaka anthu okhala mu International Space Station anabisala m'zombo zawo kuopa zidutswa. America ndi India nawonso anachitapo zoyesa zotere. Kachitsulo kothamanga makilomita oposa 7 pa sekondi, ngakhale kachepe ngati ndalama ya m'thumba, kamaboola kuposa chipolopolo. Malangizo ochepetsa zinyalalazi United Nations inawavomereza mu 2007, koma ndi malangizo chabe. Wowanyozera palibe amamulipitsa.

Kunena kuti chinthu n'cha tonse ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kutchula amene alambule njira zotchinga moto, ndi amene adzale pamene padulidwa. Pangano la 1967 linachita bwino theka loyamba.

3. Ng'ombe yako ikadya chimanga cha mnzako, lipira

Ku Mzimba, dziko la ng'ombe, mlandu uwu sufuna loya. Ziweto zikalowa m'munda mwa munthu, mwini khola amalipira, ndipo "sindinazitume" si yankho pa bwalo la mfumu. Pangano la 1972 likunena chimodzimodzi: chinthu chimene dziko laulutsa chikagwa n'kuwononga pansi pano, kapena kugunda ndege ili pa ulendo, dzikolo lilipire, kaya linachita mosasamala kaya ayi. La 1975 likuwonjezera kuti chilichonse choulutsidwa chizilembetsedwa ku United Nations, ngati chizindikiro chimene mwini amaika pa ng'ombe, kuti tsiku la mlandu asadzakane.

Mu January 1978 setilaiti ya Soviet Union yotchedwa Kosmos 954, yoyendera mphamvu ya nyukiliya, inasweka n'kumwazikira kumpoto kwa Canada. Canada inapempha madola ake opitirira 6 miliyoni a ntchito yotolera zidutswa zapoizonizo. Mu 1981 Soviet Union inapereka 3 miliyoni. Ndi theka, inde, koma amene anaimapo pa bwalo ndi munthu wamphamvu kuposa iye amadziwa kuti kungomufikitsa potulutsa chikwama ndi nkhani kale.

Musayese za kutali. Pa 30 December 2024 mkombero wachitsulo wolemera makilogalamu pafupifupi 500 unagwa m'mudzi wa Mukuku, ku Makueni m'dziko la Kenya, ndipo bungwe la Kenya Space Agency linati ndi chidutswa cha roketi. Ukanatha kugwera pa Luwawa kapena pa msika wa Jenda. Apa pali mfundo yoti tiigwire: pansi pa pangano la 1972, wokadandaula kwa dziko linzake si mwini munda koma boma lake. Mlimi amene boma lake lili mtulo amatsala ndi chitsulo m'munda ndi dzenje.

4. Diso limaona, koma silizima moto

Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko lapansi kuyambira 1972, ndipo kuchokera mu 2008 America inatsegula zithunzi zonsezo kwaulere. A Sentinel a ku Ulaya nawonso zithunzi zawo n'zaulere. Wophunzira za nkhalango pa Mzuzu University akhoza kuika chithunzi cha Chikangawa cha 1990 pambali pa cha chaka chino n'kuwerenga yekha mahekitala amene anapita. Moto ukabuka, zipangizo za NASA zimauonetsa pa mapu patangopita maola ochepa.

Ufulu umenewu sunabwere popanda mkangano. Mayiko ambiri osauka ankafuna kuti munthu asanawajambule kuchokera kumwamba azipempha kaye. Sanapambane. Mfundo zimene United Nations inagwirizana mu 1986 sizikufuna chilolezo chotere, koma zikuti dziko lojambulidwalo lizitha kupeza zithunzi zake mosasalidwa ndiponso pa mtengo woyenera, ndipo woona tsoka likubwera achenjeze amene liwagwere. Mu 2000 mabungwe a za mlengalenga a ku Ulaya, France ndi Canada anayambitsa mgwirizano wopereka zithunzi kwaulere pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo Malawi anathandizidwa nawo pa madzi osefukira a mu January 2015. Namondwe wa Freddy masetilaiti anamulondola kwa masiku oposa 30 akuwoloka nyanja ya Indian, asanafike ku Blantyre ndi ku Mulanje mu March 2023.

Nanga bwanji sanaone ndege ku Nthungwa? Mbali imodzi ya yankho ndi nkhungu ija. Kamera ya setilaiti ndi diso ngati lathu lomwe, mtambo ukatchinga latha. Masetilaiti ambiri sakhala pamalo amodzi, amadutsa pa nthawi yake n'kubweranso patapita masiku. A rada amapenya kupyola mitambo, koma kupeza kandege koswekera pakati pa mitengo ndi miyala si ntchito ya ola limodzi.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Kutha kwa Chikangawa kunajambulidwa chaka ndi chaka, poyera, kwaulere. Palibe anganene kuti sitinkadziwa.

5. Wofika mochedwa amapeza mipando itatha

Pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta pali njira imodzi yokha imene setilaiti imayenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, n'kumaoneka ngati yaima. N'chifukwa chake dishi ya wailesi yakanema imakhomedwa kamodzi osaitembenuzanso. Malo m'njira imeneyi ndi owerengeka, ndipo oyamba kufika anayamba kudzaza. Mu December 1976, ku Bogotá, mayiko asanu ndi atatu a pa ikweta, kuphatikizapo Kenya, Uganda, Congo ndi Zaire, analengeza kuti gawo la njirayo limene lili pamwamba pawo ndi lawo. Mayiko ambiri anakana, ndipo mwa lamulo anali ndi chifukwa chokanira. Koma kulira kwawo sikunapite pachabe: mu 1988 bungwe la ITU la ku Geneva linakonza dongosolo losungira dziko lililonse kamalo kake, ngakhale lopanda roketi.

Pa chuma cha ku mwezi zinthu sizinayende chotero. Pangano la 1979, limene linati chumacho ndi cholowa cha anthu onse ndipo phindu lake ligawidwe, linavomerezedwa ndi mayiko osakwana 20, ndipo mwa iwo mulibe America, Russia kapena China. M'malo mwake America mu 2015 ndi Luxembourg mu 2017 anapanga malamulo olola makampani awo kusunga zimene angakumbe kumwambako. Akuti malowo si awo, koma zokumbidwazo n'zawo. Wa ku Chikangawa mawu amenewa akuwadziwa bwino: nkhalango ndi ya tonse, matabwa ndi a mwini lole.

Mu 1964 anthu anamuseka mphunzitsi wa ku Zambia, Edward Mukuka Nkoloso, pamene ankagubuduza achinyamata m'migolo kuti akuwakonzekeretsa ulendo wa ku mwezi. Zinali zoseketsadi. Koma Nkoloso anakana chinthu chimodzi chimene ambiri timangochivomera, choti kumwamba n'kwa ena. Mu November 2022 Zimbabwe ndi Uganda anaulutsa masetilaiti awo oyamba, ang'onoang'ono, opangidwa ndi ana awo amene anakaphunzira ku Japan. Nigeria ndi Rwanda anasaina mapangano a Artemis a America, okhudza maulendo a ku mwezi, mu December 2022. Bungwe la African Space Agency linatsegulidwa ku Cairo mu April 2025. Komiti ya United Nations yoona za mtendere mlengalenga, imene inakhazikitsidwa mu 1959 ndipo imakumana ku Vienna, imagamula zinthu pokhapokha onse atavomera. Pa bwalo lotere liwu la wamng'ono limalemera, bola akhalepo. Kuti ukhalepo sipafunika roketi, pafunika anthu ochepa ophunzira malamulowa ndi boma lokumbukira kuwatumiza.

6. Mwana akalakwa amafunsidwa ndi kholo

Starlink, yopereka intaneti kudzera pa masetilaiti, inayamba ntchito m'Malawi mu 2023 italandira chilolezo cha MACRA, ndipo malo amene netiweki inkavuta tsopano akulumikizika. Kwa mabanja a ku Mzimba amene ana awo ali ku Joni, chimenechi si chaching'ono. Koma masetilaiti a kampani imodziyi ndi oposa theka la onse amene akugwira ntchito kumwamba. Pangano la 1967 likuti boma ndilo limayankha pa zochita za makampani a m'dziko lake, kuwapatsa chilolezo ndi kuwayang'anira. Olemba ake ankaganiza za kholo lalikulu ndi mwana wamng'ono. Lero pali ana olemera kuposa maboma ambiri.

7. Lamulo lopanda wapolisi limadalira manyazi ndi mantha

Pa 9 July 1962 America inaphulitsa bomba la nyukiliya pamtunda wa makilomita 400 pamwamba pa nyanja ya Pacific. Magetsi ena a m'misewu ku Hawaii anazima, ndipo masetilaiti angapo, a America yomwe ndi a abwenzi ake, anawonongeka m'miyezi yotsatira. Woponya mwala kumwamba uja unamugwera pamutu. Mu 1963 kuyesa mabomba otere mlengalenga kunaletsedwa, ndipo pangano la 1967 linaletsa kuika zida za nyukiliya m'njira zozungulira dziko kapena pa mwezi.

Chiletsochi chakhala zaka zoposa 50 popanda wapolisi woyang'anira. Chimene chachigwira ndi chakuti wophulitsa amawononga ndi zake zomwe. Komabe chili ndi mpata: zida zimene si za nyukiliya kapena zopha anthu miyandamiyanda sichinazitchule. Ndipo mu April 2024, pamene America ndi Japan anabweretsa ku Security Council ya United Nations chigamulo chotsimikizanso chiletso cha nyukiliya, Russia inachikana, ponena kuti ikufuna choletsa zida zonse. Njovu zikamakokana chonchi ife timaona ngati sizikutikhudza. Koma zolosera za nyengo zimene mlimi wa ku Embangweni amamvera pa wailesi, ndi mapu amene woyendetsa ambulansi amatsata, zonse zapachikika pa tizitsulo timene bomba limodzi likhoza kutizimitsa.

8. Khutu la kumwamba limamva woitana

Tibwerere ku Nthungwa. Ndege ija inali nako kachipangizo koitanira thandizo kamene ndatchula mu mfundo yoyamba. Lipoti loyamba la BFU, la mu August 2024, linapeza kuti sikankagwira ntchito. Kanalinso ka mtundu wakale, kolankhula pa 121.5 ndi 243 MHz, pamene masetilaiti a Cospas-Sarsat anasiya kumvetsera pamenepo pa 1 February 2009 n'kutsala ndi 406 MHz, imene imanena dzina la ndege ndi malo ake molondola. Kusinthaku kunalengezedwa kudakali zaka zambiri kuti aliyense akonzeke.

Tinene zoona zonse. Kachipangizoko sikakanapulumutsa amene anali m'ndegemo, pakuti kugundako kunali koti munthu sangapulumuke. Chimene kakanachita ndi kufupikitsa usiku uja. Asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito m'nkhalango sakanafunika kupapasa mu nkhungu ndi m'mphepo dera lonse la makilomita 10 kuzungulira nsanja ya mafoni ya pa Raiply. Mabanja sakanagonera chiyembekezo chabodza. Ndipo mphekesera zimene zinabadwa m'maola amenewo, zimene mpaka lero zikugawa anthu, zikanapeza nthaka yochepa yomerapo. Pa ngozi ina, ya ndege ina, pamene wina wavulala koma akupuma, maola omwewo ndiwo moyo wake.

Mayiko anayi, ena mwa iwo osamwerana madzi, anakhala pansi, anasaina, anaulutsa masetilaiti a ndalama zosaneneka, n'kunena kuti aliyense woitana adzamveka kwaulere. Pa 10 June 2024 masetilaitiwo ankadutsa pamwamba pa Viphya monga mwa masiku onse, akumvetsera. Pansi pa nkhungu panali kachipangizo kali chete, ndipo batire yake inatha ntchito mu 2004.